Nyumba yakale pa Dedza boma: ndigule n'kukonza kapena ndiileke?

NaJere wa ku Area 18:
Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munamangitsapo kapena kukonzetsa nyumba. Chaka chamawa ndikupuma pa ntchito yauphunzitsi ndipo mtima wanga uli kwathu ku Dedza. Pa boma pali nyumba ikugulitsidwa, chakumtunda kopita kuphiri. Ndi zija zamamangidwe akale, khonde lalikulu mbali ziwiri, makoma okhuthala a njerwa zootcha, pansi pofiira, mawindo achitsulo a timagalasi ting'onoting'ono, ndipo pabalaza pali pokolezera moto ndi chumuni yake. Akuti inamangidwa m'zaka za m'ma 1950. Bambo mwini nyumba anatisiya, ana ali ku Blantyre, wina ku Joni. Munkakhala anthu a lendi koma pano ndi yotseka.

Denga likudontha m'chipinda chimodzi mpaka siling'i inagwa. Pulasitala wa m'munsi mwa makoma akuyoyoka, ukakhudza akungotsalira m'manja. Pakona yakumbuyo pali mng'alu. Mwana wanga wamkulu akuti amayi musataye penshoni pa bwinja, tigule puloti timange yathu. Koma sindibisa, nyumbayi ndaikonda. Ndichite bwanji?

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Amayi, mwana wanu akunena zoona. Nyumba yakale imadya ndalama osaiona. Mukatsegula apa mupeza pena pawola. Ngati malowo ndi abwino gulani chifukwa cha malo, mugwetse, mumange yamakono ya mabuloko ndi matailosi. Zamakedzana zinapita.

Nabanda wa ku Lilongwe:
Amayi NaJere, tisanafike ku malata ndi simenti tiyambe ndi mapepala. Ndagwira ntchito mu ofesi ya maloya kwa nthawi yaitali, ndipo milandu yambiri ya nyumba imene ndaiona imayambira pa mawu mwanenawa, oti mwini wake anamwalira. Akukugulitsaniyo ndi ndani? Kukhala mwana woyamba si chilolezo chogulitsira chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi wa malemu ndi ana onse patsogolo, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi kalata yakukhoti yomupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho, ija amati letters of administration, kapena akhale amene anatchulidwa mu wilo ndipo khoti linavomereza. Akangoti tonse tinagwirizana titachoka kumanda, musatulutse ndalama. Wa ku Joniyo adzabwera tsiku lina, adzapeza mwakhoma malata atsopano, n'kunena kuti iye sanasaine paliponse.

Ndiye nkhani ya malo. Nyumba zambiri za m'matauni zili pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Ngati liziyo inayamba m'ma 1950, werengani nokha zaka zimene zatsala. Pitani ku ofesi ya za malo ku Lilongwe mukafufuze dzina limene lili pa mapepala, ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki, ndi ngati pali ngongole ya lendi ya malo yopita ku boma. Kusintha umwini wa lizi kumafuna chilolezo cha unduna wa za malo, kalata ya ku MRA ndi msonkho wa sitampa. Mufunsenso kukhonsolo za ngongole. Ndipo saveya akakuonetseni mabikoni, tizipilala tosonyeza malire a puloti, chifukwa nyumba ikakhala yotseka oyandikana nawo amasendeza mpanda pang'onopang'ono, chaka chino mzere umodzi wa chimanga, chaka chamawa iwiri.

NaJere wa ku Area 18:
Zikomo achemwali. Amene akundiyendetsa ndi mwana wachiwiri wa malemu, ndipo anandionetsa fotokope ya lizi basi. Za kalata yakukhoti sananene. Ndimufunsa lero lomwe.

aPhiri, bilidala wa pa Linthipe:
Mayi, ine ndakulira pa ntchito ya zomangamanga ndipo nyumba zoterezi ndazigwira pa boma pompo, ku Bembeke ndi ku Ntcheu. Mawu oti gwetsani amandiwawa. Khoma la nyumba zimenezo ndi la mainchesi 9, njerwa yake yopsa bwino, yolira ukaigogoda ndi chipande. Nyumba imene inalipo m'ma 1950 inapirira chivomezi cha ku Salima cha 1989 chimene chinagwedeza kuno konse, ndipo ikadali chiimire. Tisaiweruze ndi penti.

Pulasitala akuyoyokayo si chizindikiro choti khoma latha. Ndi madzi. Ndipo madziwo ali ndi njira zake zimene munthu angazione. Zungulirani nyumbayo kunja muone pamene dothi lafika. Zaka zonsezi anthu akhala akusesera zinyalala kukhoma, kudzala maluwa, kuthira dothi, mpaka nthaka yakwera kupitirira mzere wakuda uja amaika pamwamba pa maziko wotchinga chinyontho. Zikatero madzi amangolowa m'njerwa n'kumakwera. Onaninso pamene madzi a padenga amagwera. Nyumba ili m'munsi mwa phiri imalandira madzi onse ochokera kumtunda, ndipo ngalande zakale zija zimakhala zinakwiririka kalekale.

Koma chachikulu chimene amisiri achinyamata sachidziwa ndi ichi. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo njerwa zake anamangira dothi kapena laimu, osati simenti. Khoma lotero limayamwa chinyontho n'kuchitulutsanso dzuwa likawala. Ndiye wina anabwera pakati apa, anaona khoma lanyowa, anamata simenti wolimba n'kupaka penti wa mafuta. Zili ngati kuvala jombo za mphira tsiku lonse, kunja kouma koma phazi lili chonyowa m'kati. Madzi akasowa potulukira amakwera m'mwamba, mchere woyera uja umatuluka, njerwa imayamba kufumbutuka. Mankhwala ake si kuonjezera simenti ayi. Mumachotsa dothi lakunja, mumatsegula ngalande, mumagumula pulasitala mpaka mita imodzi kuchokera pansi, khoma liume kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kenako mumamata ndi laimu. Ine ndimasakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya laimu, isanu ndi inayi ya mchenga, ndipo pamwamba njereza kapena penti wa madzi. Laimu akhale womangira, osati wothira kumunda uja, ameneyo sagwira.

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Madala, laimu mu zaka zino? Simenti ndiye wolimba, aliyense akudziwa.

aPhiri, bilidala wa pa Linthipe:
Mwanawe, n'zoona simenti ndi wolimba. Vuto ndi lomwelo. Pulasitala asamalimbe kuposa njerwa imene wamatidwapo. Khoma lakale limasuntha pang'ono ndi kutentha ndi kuzizira, makamaka kuno kumene masana a Okutobala ndi usiku wa Juni zimasiyana kutali. Simenti wolimba amasweka n'kusomphola nkhope ya njerwa pochoka. Pita ukaone nyumba zakale za ku mishoni ya Mua, imene inayamba mu 1902, ukandiuze ngati zinadikira simenti wa masiku ano kuti ziime.

Namwino wa ku Kasina:
Pepani ndilowepo. Amayi, denga lake ndi la chiyani? Ngati ndi malata otuwa okhuthala aja osachita dzimbiri, kapena siling'i ya mabolodi otuwa olimba, akhoza kukhala asbestos. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinafoleredwa ndi zimenezo. Akakhala osasweka savuta kwenikweni, koma akamadulidwa, kubooledwa kapena kukwechedwa, fumbi lake limakhazikika m'mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka makumi angapo. Ndaona anyamata akuwaphwanya ndi hamala opanda chotchinga kumphuno, zidutswa ana n'kumaseweretsa, ena kufolera khola la nkhuku. Ngati n'kuchotsa, awanyowetse, amasule misomali bwinobwino, atsitse athunthu, ndipo mufunse a zaumoyo kukhonsolo kotayira. Penti wakale wa m'zitseko ndi m'mawindo nayenso amakhala ndi mtovu, osamukwecha pouma ana ali pafupi. Chimodzimodzi zitosi za mileme kusiling'i, azinyowetse asanasese.

NaJere wa ku Area 18:
Nyumba yaikulu ndi ya malata achitsulo, ofiira ndi dzimbiri. Koma kanyumba ka antchito kuseli ndi ka otuwa mukunenawo. Mpaka ndachita mantha, chifukwa ndimaganiza zoti adzukulu azigonamo akabwera pa holide.

Nangozo wa pa Ntcheu boma:
Anzanga NaJere, ine ndinagula yotere kuno ku Ntcheu ndipo ndikukhalamo. Ndikuuzeni zimene ndinaona.

Tsiku limene kalipentala anakwera kudenga ananditsitsira kachidutswa ka mtanda kuti ndinunkhize. Fungo la mkungudza wa ku Mulanje, lokoma ngati wadulidwa dzulo, chiswe sichinalawe n'komwe. Mtengo umenewo pano watsala pang'ono kutha pa phiri lomwelo, simungaugule pa ndalama iliyonse mwachilungamo. Koma pambali pomwepo panali mapaso a paini amene wina anaikapo pambuyo pake, ndipo amenewo ukabaya ndi sikuludiraiva imangolowa yonse, m'kati muli dothi lokhalokha la chiswe. Tinasintha owola okha, ena onse tinasiya. Amisiri awiri oyamba ankafuna kuchotsa denga lonse, ndipo mmodzi anachita kunena kuti matabwa akalewo awatenga yekha andithandize kutaya. Chenjerani ndi thandizo lotero. Zitseko za matabwa olemera, mahinjesi a mkuwa, mafelemu achitsulo, zonsezi zili ndi msika, ndipo nyumba ikamakonzedwa zimayenda usiku. Ikani munthu wokhulupirika agone pompo.

Matabwa atsopano kwanuko savuta, paini ali pa phiri la Dedza pomwepo. Koma akhale ouma ndi othiridwa mankhwala. Paini wauwisi amapindika denga litakhomedwa kale.

Ndipo musayambe ndi zooneka. Mtima umafuna penti ndi makatani, ndikudziwa. Ine ndinayamba denga, kenako madzi ozungulira nyumba, ndipo chaka choyamba alendo ankangoona makoma ogumulidwa m'munsi n'kumandimvera chisoni. Lero m'nyumba mwanga mulibe fungo la chuku.

Wamagetsi wa pa Lizulu:
Mayi, waya yense wakale atuluke, apa palibe zokambirana. Nyumba za m'ma 1950 zili ndi waya wokutidwa ndi labala kapena nsalu, ndipo labalayo akakalamba amangofumbutuka ukamukhudza, waya n'kutsala wamaliseche pamwamba pa siling'i youma pamene makoswe amathamanga. Bokosi lake limakhala la mafyuzi aja omangirira kawaya, ndipo anthu a lendi fyuzi ikamapsa amaikapo waya wonenepa kapena msomali. Nthawi imeneyo m'nyumba munali mababu ndi wailesi, pano mukufuna kuka, filiji, giza ndi ayironi pa waya yemweyo. Ikani bokosi la mabuleka, waya wa earth apite pansi ndithu, ndipo ntchito aigwire munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA. Mugwire izi musanamate pulasitala, kuti asadzagobenso khoma lomalizidwa. Mufufuzenso ku ESCOM ndi ku Central Region Water Board ngati mamita ali ndi ngongole, chifukwa ngongole imatsalira pa nyumba, wa lendi atapita kale.

aMaseko a ku Bembeke:
Pa madzi pomwepo, mapaipi akale achitsulo aja amadzaza dzimbiri m'kati mpaka madzi amangodontha. Sinthani. Ndipo mufufuze pamene pali sepitiki, chivundikiro chake chimakhala chinaola pansi pa udzu, mwana atha kugweramo.

Koma chumuni musatseke, chonde. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Juni ndi Julaye wake mukumudziwa. Anthu a nyumba zamakono amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, ndipo utsi wosaoneka wa makala umapha anthu ali m'tulo. Inu muli ndi malo oothera moto otulutsa utsi kunja. Ingoyesani ndi pepala loyaka muone ngati utsi ukukwera, chifukwa mumakhala zisa za mbalame, nthawi zina njuchi. Ndipo kudontha kwa denga kuja mukaone ngati sikukuchokera pamene malata akumana ndi chumuni, nthawi zambiri ndi pamenepo.

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Ndiye mwawerenga zonsezi? Denga, waya, mapaipi, pulasitala, sepitiki. Chatsala n'chiyani? Ndi ndalama yomweyo mumanga yatsopano.

Nangozo wa pa Ntcheu boma:
Chatsala ndi maziko, makoma, khonde, zitseko, mawindo, mitengo ya mthunzi, magetsi ndi madzi zolumikizidwa kale, ndi malo a pa boma amene pano sapezeka. Wafunsa mtengo wa simenti ndi zitsulo posachedwapa? Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyumba zingati zaima pa lintala m'mbali mwa msewu wa M1, udzu uli kumera m'zipinda? Yakale umakonza chipinda chimodzi n'kulowamo, zina uzipanga uli momwemo. Yatsopano sungagonemo isanafoleredwe.

Nabanda wa ku Lilongwe:
Komabe mnyamatayu asanyozedwe, funso lake ndi loyenera kwa munthu wodalira penshoni. Zilipo nyumba zosayenera kugula. Ngati maziko akutitimira, ndalama zake n'zosayerekezeka. Mng'alu uja mpaka pano palibe waufunsa.

aPhiri, bilidala wa pa Linthipe:
Mwanena zoona mayi. NaJere, mukapitanso mukaone bwino. Mng'alu woonda ngati tsitsi woyenda pa pulasitala pokha si kanthu. Woopsa ndi woyenda mokhotakhota motsata mizere ya njerwa, wotakasuka kumwamba, wooneka kunja ndi m'kati momwe. Muyesenso zitseko ndi mawindo a mbali imeneyo ngati akutsekeka. Mukaone ngati pali mtengo waukulu pafupi, kapena paipi yotayira madzi pakonapo.

NaJere wa ku Area 18:
Ndabwerako abale, ndinapita ndi mlongo wanga ndi tochi. Mng'aluwo ukuyambira pakona ya windo la bafa kutsika motsata njerwa, chala chaching'ono sichilowa koma ndalama yachitsulo ikulowa. M'kati ukuoneka pang'ono. Windo likutsekeka bwinobwino. Pakona pomwepo pali paipi ya kubafa yothyoka, ndipo pansi pake nthaka ndi yakuda, pamera ndere. Bulugamu wamkulu ali chapatali ndithu, kumpanda. Dothi lakunja lakwera monga munanenera aPhiri, tinakumba pang'ono ndi khasu n'kupeza kakhonde ka simenti kozungulira nyumba kamene kanakwiririka. Mlongo wanga anakanda pakati pa njerwa ndi kiyi, mukutuluka dothi lofiira.

Kudenga tinasuzumira pobooka paja. Mitanda ikuluikulu ndi yolimba, koma pafupi ndi chumuni matabwa awiri ndi akuda, ofewa. Mileme ilimo yambiri.

Chimene chinandigwira mtima ndi pansi. Ndinathira madzi pang'ono pabalaza n'kupukuta ndi chitenje, kufiira kwake kunatuluka kowala, kosalala, kopanda mng'alu ngakhale umodzi.

aPhiri, bilidala wa pa Linthipe:
Nkhani yabwino imeneyo. Paipi yothyokayo ndiyo yafewetsa nthaka pakonapo. Koma tisathamangire kutseka mng'aluwo. Mumate kachidutswa ka galasi mopingasa pa mng'alu, mulembe tsiku pambali ndi pensulo. Paipi ikakonzedwa, galasi likapirira dzinja lonse osasweka, khoma laima ndipo timangolisoka ndi njerwa ndi tizitsulo. Likasweka muitane injiniya aone maziko, pamenepo bilidala yekha sakwana. Ndipo njerwa zosokera musagule zatsopano, n'zazing'ono ndipo sizigwirizana mizere. Ngati mudzagwetse kakhoma kalikonse kuseli, njerwa zake musunge.

Mayi a Tadala:
Pansipo ikani matailosi amayi, zopolisha ndi Cobra mutagwada zinatha. Msana wa munthu wopuma pa ntchito si wochitira zimenezo.

Nangozo wa pa Ntcheu boma:
Matailosi onyezimira aja m'mawa wa Julaye ku Dedza? Mapazi amachita dzanzi. Komanso pansi pakale sanayale pulasitiki, ndiye mukatseka ndi matailosi chinyontho chimathawira m'makoma, ntchito yonse ya aPhiri ija yabwerera m'mbuyo. Kubafa ndi kukhitchini ikani, kapena mukaone a dongo aja a ku Dedza Pottery amene amagwirizana ndi nyumba yakale. Koma pabalaza siyani. Polisha alipo wamadzi wopaka ndi mopu, munthu ali chiimire.

Mayi a Tadala:
Aliyense ndi kukonda kwake. Koma chimbudzi ndi bafa zikhale zamakono, pamenepo sindigonja. Ndipo khitchini za nyumba zimenezo zimakhala kakang'ono kuseli, kamdima, chifukwa ankamangira kuki osati mayi wapanyumba.

NaJere wa ku Area 18:
Apo ndiye mwalasa. Khitchini yake ndi yopanikiza, windo limodzi. Pali kasitolo pambali pake, ndimaganiza zogumula khoma lapakati zikhale chipinda chimodzi.

aPhiri, bilidala wa pa Linthipe:
Zimatheka, koma wina akwere kaye aone ngati mitanda ya denga yatsamira pakhomalo. Nyumba zimenezo zambiri zilibe lamba wa konkire pamwamba, makoma amagwirana okhaokha. Ngati lanyamula denga timaika bimu kaye ndiye n'kugumula, ndipo ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, osati chihamala chachikulu chogwedeza nyumba yonse.

Za ndalama ndinene pano pagulu ngakhale anzanga a ntchito sakondwa nazo. Zipangizo gulani nokha, mmisiri mumulipire ntchito ya manja, gawo likatha ndiye ndalama. Mulemberane papepala. Simenti musaunjike wambiri poopa kukwera mtengo, ndi chinyezi cha ku Dedza amauma m'matumba. Malata, waya ndi mapaipi ndiye mungasunge. Ndipo pa ndalama imene mwawerengera muikepo ina yapadera yosakhudza, chifukwa siling'i ikatsika pamaoneka zina.

Nabanda wa ku Lilongwe:
Amayi, za kalata yakukhoti anayankha chiyani?

NaJere wa ku Area 18:
Ndimati ndinene. Kalata ilipo koma ili m'dzina la mlongo wawo wamkulu wa ku Blantyre, osati amene amandiyendetsayu. Ndalankhula nawo mayiwo pa foni, ndi munthu waulemu, ndipo sankadziwa kuti mchimwene wawo wayamba kale kupempha dipoziti kwa anthu. Akuti akufunadi kugulitsa koma adikire wa ku Joni asaine. Mayi awo anamwalira kale. Ndawauza kuti ndalama idzadutsa kwa loya ndipo idzatuluka mapepala akasintha dzina. Avomera. Lizi inayamba mochedwerapo kuposa nyumbayo, zaka zatsala zokwanira ine ndi ana anga. Ngongole ya lendi ya malo ilipo, tagwirizana kuti ichotsedwe pa mtengo.

Mwana wanga wamkulu sanasinthe maganizo, koma wavomera kupita nane akaone yekha.

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Ine ndikadagwetsabe. Koma ngati mukonze amayi, mafelemu achitsulowo ndimawotcherera ndine. Timakwecha dzimbiri ndi bulashi yawaya, kupaka penti woteteza dzimbiri wa red oxide, magalasi atsopano ndi pate womatira. Chitsulo chake n'chonenepa kuposa cha pamsika pano, chimenecho ndivomereze.

NaJere wa ku Area 18:
Ndidzakufuna mwana wanga. aPhiri, mungapezeke Loweruka likudzali kuti mukaione ndi maso musanandiuze mtengo? Eni ake alola kuti tikwere kudenga ndi kumata galasi pa mng'alu.

aPhiri, bilidala wa pa Linthipe:
Ndipezeka mayi, tikumane pa depoti m'ma 8 koloko. Ndibwera ndi kalipentala wanga. Mubwereke makwerero aatali kwa aneba, mugule zotchinga kumphuno zinayi chifukwa cha mileme ija, ndipo mupemphe makiyi a zipinda zonse, ndi kanyumba kakuseli komwe.